John Moir: Mandala wa sitima zapamadzi amene adathera m'minda ya tiyi ku Mulanje

Munthu akaima pa mlatho wa Muloza m'mawa n'kumaonerera njinga zolemedwa ndi matumba a chimanga zikuoloka kuchokera ku Milange, sangaganizeko za sitima zapamadzi. Kuno kulibe nyanja, ndipo mtsinje wa Muloza si woti ngalawa ingayendemo ulendo wautali. Komatu malire amene mtsinjewu umalemba pakati pa Malawi ndi Mozambique, pamodzi ndi minda ya tiyi imene yayala m'mbali mwa msewu wochokera ku boma la Mulanje, zidabadwa pa nthawi ya mkangano wolimbirana njira yopita kunyanja yamchere. Pakati pa mkanganowo padali mzungu wina wa ku Scotland wovala magalasi, amene makolo athu adamutcha Mandala. Dzina lake lenileni lidali John William Moir.

Ambiri timalidziwa dzinali ngati la sitolo, la kampani yogulitsa galimoto, kapena la dera lina mumzinda wa Blantyre. Ndi ochepa amene amadziwa kuti mwini dzinalo adayendetsa kampani yoyamba ya sitima zamalonda pa Zambezi, Shire ndi nyanja ya Malawi, ndi kuti zaka zake zomaliza mu Africa adakhala mlimi patsinde pa phiri la Mulanje.

Moir adabadwa mu 1851 mumzinda wa Edinburgh. Bambo ake adali dotolo wodziwika, ndipo banjalo lidali lopemphera kwambiri. Chaka chotsatira kudabadwa mng'ono wake Frederick, amene anthu ankangomutcha Fred, ndipo awiriwa adakula ngati mapasa, moti nkhani ya wina siitha kukambidwa popanda mnzake. Adakulira m'dziko limene dzina la David Livingstone lidali pakamwa pa aliyense. Livingstone ankaphunzitsa kuti malonda a akapolo sangathe ndi ulaliki wokha. Ankati mafumu amagulitsa anthu chifukwa akufuna nsalu, mikanda ndi mfuti, ndiponso chifukwa minyanga ya njovu imafunika mitu yoisenza mpaka kugombe la nyanja yamchere. Choncho pakapezeka wamalonda woona mtima wobwera ndi nsaluzo pa sitima, natenga minyangayo pa sitima yomweyo, kapolo adzasowa ntchito ndipo mtengo wake udzagwa. Livingstone atamwalira mu 1873, mtembo wake n'kuikidwa ku London chaka chotsatira, maganizo amenewa adalowa m'mitima ya achinyamata ambiri a ku Scotland. Ana awiri a dotolo uja adali m'gulu lomwelo.

Ulendo wawo woyamba sudali wobwera kuno. Mu 1877 adapita ku Dar es Salaam kukagwira ntchito yolambula msewu umene unkayembekezeka kukafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Mmodzi mwa eni ndalama za msewuwo adali William Mackinnon, mwini kampani ya sitima zapanyanja yamchere ya British India Steam Navigation Company. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, sitima za nthunzi zidayamba kufika kum'mawa kwa Africa mosazungulira, ndipo mu 1872 kampani ya Mackinnon idayamba kunyamula makalata pakati pa Aden ndi Zanzibar. Mackinnon ankafuna katundu wodzaza sitima zakezo, n'chifukwa chake ankalakalaka msewu wolowa kumtunda. Msewuwo udalephera, udathera m'thengo usadafike patali, koma udaphunzitsa abale awiriwa chinthu chimodzi: kuti njira yapamtunda ndi yodula ndi yopha anthu, ndipo njira yabwino ndi ya pamadzi.

Nthawi yomweyo n'kuti amishoni atayesa kale njira ya pamadziyo. Mu 1875 gulu la Livingstonia, lotsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, lidabwera ndi kasitima kotchedwa Ilala, kotalika mafiti 48 okha. Adakamanga pa matsiriro a Zambezi, nakwera nako Shire mpaka pamathithi, pomwe adakaphwasula. Anthu mazanamazana amene mafumu a Amakololo adapereka adasenza zidutswa zake pamutu kulambalala mathithi onse, osasowetsa ngakhale kachitsulo kamodzi, ndipo pa 12 Okutobala 1875 Ilala idalowa m'nyanja ya Malawi. Koma amishoniwo posakhalitsa adatopa ndi ntchito yogula ndi kugulitsa, yotumiza makalata ndi yoitanitsa katundu. Adapempha anzawo a ku Glasgow kuti apeze anthu ena ochita zimenezi.

Motero mu 1878 anthu achuma a ku Glasgow, amene ambiri mwa iwo ankathandizanso mishoni ya Livingstonia, adakhazikitsa kampani ya Livingstonia Central Africa Company ndi mpamba wa mapaundi 20,000. Wapampando wake adali James Stevenson, ndipo John ndi Fred Moir adasankhidwa kukhala oyang'anira ake kuno. Dzina la kampaniyi lidasinthidwa pambuyo pake kukhala African Lakes Company, kenaka African Lakes Corporation, koma maina aatali achizunguwo sadagwire pakamwa pa anthu. Magalasi a John ankanyezimira padzuwa ngati mandala, ndipo dzinalo lidayamba ndi munthu, lidapita pa nyumba yake, pa sitolo zake, mpaka pa sitima zake. Fred, chifukwa cha ndevu zake, ankatchedwa Chindevu. Makolo athu adali akatswiri potcha maina. Si Mandala yekha, pajanso Kandodo nayo ndi dzina la mzungu woyenda ndi ndodo limene lidasanduka dzina la sitolo.

Kuti timvetse ntchito imene Moir adasenza, tiyenera kutsata ulendo wa mtolo umodzi wa nsalu kuchokera ku Glasgow kufika ku Karonga m'zaka zimenezo. Sitima yaikulu yapanyanja yamchere inkautsitsa pa doko la Quelimane, m'manja mwa Apwitikizi, amene ankalandira msonkho. Kuchoka pamenepo mtolowo unkakwera ngalawa zopalasa mu mtsinje wa Kwakwa kwa masiku angapo, chifukwa Quelimane sali pa Zambezi weniweni. Kumapeto kwa Kwakwa, anthu ankausenza mtunda waufupi kukafika pa Zambezi, ndipo apo m'pamene sitima ya Mandala inkaulandira. Inkakwera nawo Zambezi, kulowa mu Shire, kudutsa madambo a Dinde ndi matsiriro a Ruo pa Chiromo, mpaka kwa Katunga kufupi ndi Chikwawa. Pamenepo madzi oyendamo sitima ankatha. Mtolo uja unkakweranso pamutu pa munthu, kukwera mapiri kufika ku Blantyre, kutsikanso kukafika ku Matope, kumtunda kwa mathithi. Ku Matope unkalowa m'sitima ina yopita kunyanja. Mtolo umodzi unkatsitsidwa ndi kukwezedwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo paliponse pamene wakhudza pansi pankafunika nyumba yosungiramo katundu, kalaliki wowerengera ndi alonda.

Sitima yoyamba ya kampaniyi, imene abale awiriwa adabwera nayo m'zidutswa, idatchedwa Lady Nyassa. Dzinali adalitenga ku sitima ya Livingstone imene idalephera kufika kunyanja ya Malawi, mpaka mwini wake adaolotsa nyanja yamchere kupita nayo ku Bombay mu 1864. Lady Nyassa ya Mandala inkayenda pa Zambezi ndi kumunsi kwa Shire. Idali yaing'ono, yochedwa, ndipo monga sitima zonse za nthawiyo inkadya nkhuni, moti m'mbali mwa mtsinje mudabuka malo ogulitsirapo nkhuni kumene anthu ankaunjika milu kudikira kulira kwa wezulo. Chilimwe chikafika madzi n'kuchepa, sitima inkatitimira pamchenga, ndipo amalinyero ankatsikira m'madzi momwe muli ng'ona kukaikankha. Cha m'ma 1882 kampani idagula Ilala kwa amishoni kuti iziyenda panyanja. Chaka chomwecho idamanga ku Blantyre nyumba yosanja ya Mandala, imene ikadalipo mpaka lero ndipo imawerengedwa kuti ndi nyumba yakale koposa zonse zomangidwa ndi azungu m'dziko muno. Pambuyo pake padabwera James Stevenson, sitima yokulirapo yokhala ndi gudumu lopalasa kumbuyo, imene idapangidwira madzi osaya a Shire. Ndipo cha m'ma 1890 Domira idalowa panyanja kukathandiza Ilala imene idali itachepa ndi katundu. Queen Victoria idatsatira m'zaka za m'ma 1890 momwemo.

Maloto a eni kampani sadathere panyanja imodzi. James Stevenson adapereka ndalama zolambulira msewu wochokera ku Karonga kupita ku nyanja ya Tanganyika, umene mpaka lero umatchedwa ndi dzina lake ngakhale sudamalizidwe konse. Injiniya wake woyamba, James Stewart, adafa ndi malungo mu 1883, ndipo womulowa m'malo, William McEwan, adafanso patangopita zaka ziwiri. Kudzera m'njira imeneyi kampani ya Mandala idanyamula zidutswa za Good News, sitima ya amishoni a London Missionary Society, mpaka ku Tanganyika. Polankhula ku Glasgow zinkamveka bwino kuti tsopano pali njira ya pamadzi yochokera kunyanja yamchere kufika pakati pa Africa. Koma owerengera mitolo ku Matope ndi ku Karonga ankadziwa kuti pakati pa madzi ndi madzi pali mitu ya anthu.

Apa m'pamene pagona nkhani ya Moir. Iye adabwera kudzachotsa katundu pamutu pa kapolo, koma sitima iliyonse imene adaonjezera inkachulukitsa katundu wofunika kusenza. Amtengatenga adasanduka msana wa kampani yake. Ayao ndi Amang'anja a ku Blantyre atachepa, kampani idayamba kutenga Atonga a ku Bandawe ndi madera ozungulira, kuwakweza pa Ilala kudzagwira ntchito kumwera kwa miyezi ingapo, malipiro ake nsalu. Kunena zoona, munthu wolipidwa amene amabwerera kwawo ntchito ikatha si kapolo, ndipo kusiyana kumeneku sitiyenera kukupeputsa. Atonga ambiri ankapita mwa kufuna kwawo, ndipo ena adakwera nakhala akapitawo, oyendetsa sitima ndi amisiri a injini. Komabe mtolo wolemera makilogalamu 25 sumapepuka chifukwa woumanga ndi Mkhristu. Ulendo wa anthu ochoka kumudzi kukafuna ntchito kutali, umene pambuyo pake udafikitsa Amalawi ku migodi ya Harare ndi Joni, udayambira m'sitima za Mandala.

Chinanso chimene chidasokoneza maloto aja ndi minyanga. Khofi adali asadayambe kubereka mokwanira, thonje ndi mbewu zina sizikadalipira ulendo wautali ndi wodula chotere. Katundu yekhayo wopindulitsa adali minyanga ya njovu, ndipo eni minyanga yambiri adali Aswahili, Aluya ndi mafumu a Chiyao, anthu omwewo amene ankagulitsa akapolo. Iwo pogulitsa minyanga sankafuna nsalu zokha, ankafunanso mfuti ndi wonga. Kampani imene idakanitsitsa kugulitsa kachasu wachizungu kwa anthu akuda idapezeka ikugulitsa wonga. Olemba mbiri ambiri amaidzudzula pamfundo imeneyi, ndipo chidzudzulocho n'choyenera. Amishoni nawo, amene kampaniyi idakhazikitsidwa kuti iwatumikire, ankadandaula kawirikawiri za katundu wochedwa, wonyowa kapena wosowa. Abale awiriwa adali olimba mtima ndi opirira, oyenda maulendo aatali wapansi, koma mabuku a ndalama sadali luso lawo, ndipo mpamba umene adapatsidwa udali wochepa poyerekeza ndi dziko limene ankafuna kulifungatira.

Chaka cha 1884 chidaonetsa kuti njira ya pamadzi idali m'manja mwa eni gombe. George Fenwick, mzungu waukali amene adachotsedwa ntchito ku mishoni ya Blantyre chifukwa cha nkhanza, ndipo adagwirakonso ntchito kwa Mandala, adakangana ndi mfumu Chipatula ya Amakololo pa nkhani ya malonda, naiwombera. Anthu a Chipatula adamupha Fenwick, natseka mtsinje. Lady Nyassa idagwidwa, katundu wake adalandidwa, ndipo sitimayo idamizidwa. Azungu a ku Blantyre adakhala miyezi ali otsekeredwa, opanda makalata, opanda katundu. Nkhaniyi idatha ndi kukambirana, makamaka chifukwa mfumu Kasisi, imene azungu ankaitcha Ramakukan, sidafune nkhondo. Sitima idavuulidwa n'kuyambanso kuyenda. Koma Moir adatolapo phunziro lakuti kampani yopanda ulamuliro idzakhala ikupempha njira masiku onse.

Chaka chotsatira adayendera mafumu ambiri a m'mbali mwa Shire ndi nyanja, atanyamula mapepala a mapangano. Mafumuwo ankadinda zizindikiro zawo pa zikalata zonena kuti akupempha chitetezo cha Mfumukazi ya ku Britain, kapena kuti akupereka ulamuliro kwa kampani. Kaya mafumuwo adamva zotani kuchokera kwa otanthauzira, zikalatazo zidalembedwa m'chilankhulo chimene iwo sankawerenga, ndipo cholinga chake chidali chakuti kampani ipatsidwe mphamvu zolamulira dziko. Amishoni a ku Blantyre adatsutsa poyera, poona kuti kampani yolephera kufikitsa bokosi la mankhwala pa nthawi yake singathe kuweruza milandu ya anthu. Boma la Britain silidavomere. Komabe mapepala aja sadatayidwe, ndipo adadzagwira ntchito pamene nkhani ya malo idabuka.

Chimene chidathyola msana wa kampani ndi nkhondo ya ku Karonga. Sitolo ya Mandala kumeneko, imene idatsegulidwa mu 1884 ndipo woyang'anira wake adali Monteith Fotheringham, inkagula minyanga kwa Mlozi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu. Mu 1887 amalondawa adayambana ndi Angonde, eni dziko, ndipo Angonde ambiri adaphedwa pa dambo la Kambwe, ena mwa kutenthedwa m'mabango momwe adabisala. Otsala adathawira kwa Fotheringham. Sitolo idazingidwa kwa masiku angapo mpaka gulu lalikulu la Anyakyusa lidabwera kudzaombola. John Moir adathamangira kumpoto pa Ilala, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho adavulazidwa pa kuukira linga la Mlozi. Mu Epulo 1888 Fred naye adaomberedwa pamkono, bala limene lidamubweza kwawo kukachira. Frederick Lugard, msilikali amene pambuyo pake adatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria, adatsogolera kuukira kwina mu Juni chaka chomwecho, nayenso adanyamulidwa ali wovulala. Malinga a Mlozi sadagwe. Kasitima kamodzi sikakadatha kunyamula asilikali, chakudya, zida ndi malonda nthawi imodzi, ndipo ku Quelimane Apwitikizi ankatsekereza zida zopita kumtunda. Nkhondoyo idaima ndi pangano limene Harry Johnston adachita ndi Mlozi mu Okutobala 1889. Mlozi adakhalabe pamalo pake mpaka mu Disembala 1895, pamene asilikali a boma la atsamunda adagumula linga lake ndi kumupachika.

Anthu ena amaiona nkhondo imeneyi ngati yolimbana ndi ukapolo, ena amaiona ngati ya amalonda awiri olimbirana msika umodzi. Zonse ziwiri zili ndi choonadi chake. Angonde amene adapulumuka adali ndi chifukwa choyamikira. Koma mfuti zina zimene zinkalira kuchokera m'malinga a Mlozi zinkadya wonga wamtundu womwewo umene sitolo za azungu zinkasinthanitsa ndi minyanga.

Pamene kumpoto kunkalira mfuti, kumwera nako kudali kutatentha. Apwitikizi ankati dera lonse la Shire ndi lawo, ndipo popeza khomo la Quelimane lidali m'manja mwawo, akadatha kuipha kampani ya Mandala ndi msonkho wokha. Zinthu zidatembenuka mu 1889, pamene Daniel Rankin adalengeza kuti pa Chinde, limodzi mwa matsiriro a Zambezi, sitima yochokera kunyanja yamchere ingathe kulowa mpaka mumtsinje osadzera ku Quelimane. Johnston adalowera pomwepo pa sitima yankhondo, nakwera Shire pa James Stevenson. Chaka chomwecho asilikali a Serpa Pinto adamenyana ndi Amakololo kumunsi kwa Ruo, ndipo John Buchanan adalengeza kuti dera la Amakololo ndi mapiri a Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain. Mu Januwale 1890 boma la Britain lidalamula Apwitikizi kuti abwerere, ndipo pangano la 1891 lidaika malire pa Ruo, lidatsegula Zambezi ndi Shire kwa sitima za mitundu yonse, ndi kupatsa Angerezi kachigawo ka malo pa Chinde kotsitsirapo katundu popanda msonkho. Malire amene adatsata Ruo kukwera chakuphiri, n'kupatukira mu mtsinje wa Muloza, ndi omwewa amene lero adagawa mabanja a Alhomwe ndi Amang'anja, ena ku Mulanje ena ku Milange. Adalembedwa ku Ulaya ndi anthu amene nkhawa yawo idali sitima.

Chinde idakula msanga. Sitima za kampani ya ku Germany ya Deutsche Ost-Afrika Linie, imene idakhazikitsidwa ku Hamburg mu 1890, zinkaima patali ndi gombe chifukwa cha mchenga wa pakhomo, ndipo apaulendo ankatsitsidwa m'chidengu chachikulu chomangidwa ku chingwe, kulowa m'kasitima kakang'ono kokawatula kumtunda. Mabwanamkubwa, madona ndi abusa onse ankalowa m'dziko lino atapachikidwa m'dengu ngati nkhuku zopita kumsika. Pamtsinje Mandala sidalinso yokha: Eugene Sharrer, mwini sitolo za Kabula, adabweretsa sitima zake, ndipo ena adatsatira.

Koma nthawi imeneyi n'kuti John Moir atachoka pampando. Nkhondo idasiya kampani ili ndi ngongole, ndipo Cecil Rhodes ndi kampani yake ya British South Africa Company adalowetsapo ndalama, natenga malo aakulu amene Mandala inkati ndi ake chifukwa cha mapangano aja, kuphatikizapo dera lalikulu la kumpoto kwa dziko lino. Kampani idakonzedwanso mwatsopano mu 1893 ndi 1894. Fred adabwerera ku Glasgow, komwe adapitiriza kugwira ntchito kulikulu la kampani, ndipo mu 1923 adasindikiza buku la After Livingstone lofotokoza zaka zimenezi. John adapuma cha m'ma 1890, koma Africa idamukoka. Mu 1893 adabweranso, tsopano ngati mlimi payekha, nakhazikika pa esiteti ya Lauderdale kumwera kwa phiri la Mulanje, m'mbali mwa njira imene lero ndi msewu wopita ku Muloza.

Adafika pa nthawi yovuta. Kuzungulira phirili kunkadutsa njira zakale za amalonda a minyanga ndi akapolo zopita ku Quelimane, ndipo mafumu a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda ankazilamulira. Apa pali chodabwitsa: kuchokera ku Mulanje, njira yapansi yopita kunyanja yamchere idali yolunjika kuposa njira yokhotakhota ya sitima zake, ndipo anthu adali akuiyenda kalekale iye asadabadwe. Mu 1893 momwemo boma lidamanga malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson kuti litseke njirazo, anthu a Mkanda adaukira mishoni ya Mulanje, ndipo Matipwiri adagonjetsedwa mu 1895. Chimene sitima zidalephera kuchita m'zaka khumi ndi zisanu, chidachitika ndi asilikali a Chisikhi ochokera ku India ndi mfuti zaboma.

Alimi achizungu a nthawiyo adaika mtima pa khofi, koma mvula ya ku Mulanje idamuchulukira, ndipo matenda ndi kugwa kwa mitengo zidamumaliza chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Tiyi ndiye adakonda mvulayo. Mbewu zake zidachokera pa zitsamba zochepa zimene zidapulumuka m'munda wa mishoni ya Blantyre, ndipo Henry Brown, amene adalimapo khofi ku Ceylon, adazibzala ku Mulanje cha m'ma 1891. Minda ya Lauderdale ndi Thornwood ndiyo imatchulidwa kuti ndi kumene ulimi wa tiyi udayambira, ndipo maina a Brown ndi Moir amayendera limodzi pa nkhaniyi. Tiyi wa ku Mulanje ali m'gulu la tiyi woyambirira kulimidwa ngati malonda mu Africa yense, patsogolo pa wa ku Kenya. Koma tiyi naye amafuna manja ambiri. Malo amene Johnston adavomereza kwa azungu ndi zikalata za umwini adali ndi eni ake kale, ndipo m'zaka zomwezo Alhomwe ambiri adayamba kuoloka Ruo ndi Muloza kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Pofika kuno adapeza malo abwino ali m'manja mwa maesiteti, ndipo pokhalapo ankalipira ndi thukuta lawo. Mawu akuti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana kumunda, adasanduka dzina la goli.

Moir sadakhale kuti aone tiyi akupindula. Cha m'ma 1900 adabwerera ku Edinburgh, ndipo Lauderdale idapita m'manja mwa kampani ya Blantyre and East Africa. Njira ya pamadzi imene adaitsegula nayo sidakhalitse. Madzi a Shire adayamba kuphwa chaka ndi chaka, doko lidatsika kuchoka kwa Katunga kupita ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje. Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, idatsikira ku Chindio pa Zambezi mu 1915, ndipo mu 1922, chaka chimene namondwe adasakaza Chinde ndi kumiza sitima zambiri zapamtsinje, njanji yochokera ku Beira idafika kutsidya kwa Zambezi. Mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, sitima zapamtsinje zidatsala m'nthano. Panyanja, dzina la Ilala lidapatsidwa kwa sitima ina yomangidwa ku Scotland, imene idayamba ulendo mu 1951 ndipo ikadanyamulabe anthu a ku Likoma ndi Chizumulu. Kampani ya Mandala idapulumuka chifukwa cha sitolo zake zimene zidafalikira m'maboma ndi m'midzi, kenaka chifukwa cha galimoto, mpaka idatsekedwa mu 2007. M'chipinda chapamwamba cha nyumba ya Mandala muli laibulale ya Society of Malawi, momwe ofufuza mbiri amakawerenga za zaka zimenezi.

Mwini dzina uja adakhala zaka zina makumi anayi ku Edinburgh, ndipo mtima wake udatembenukira ku njuchi. Adali mmodzi mwa mamembala oyambirira a bungwe la alimi a njuchi ku Scotland, limene lidakhazikitsidwa mu 1912, ndipo adayamba kusonkhanitsa mabuku onena za njuchi, akale ndi atsopano, a m'zilankhulo zosiyanasiyana. Mabukuwo adawapereka ku bungwelo, ndipo mpaka lero amasungidwa mumzindawo pansi pa dzina la Moir Library, imodzi mwa nkhokwe zazikulu za mabuku a njuchi padziko lapansi. Fred adamwalira mu 1939, John adamutsatira mu 1940 ali ndi zaka 89. Alimi a njuchi a ku Scotland amene amabwereka mabuku m'laibulale imeneyo amamudziwa ndi dzina lakuti Moir, ndipo ambiri mwa iwo sadamvepo dzina lakuti Mandala.